Kachipinda kakang'ono ka style ya Nordic: mashelefu apakhoma kapena kabati yoima pansi?

Anthu aku Sweden ndi Denmark amakonda makoma oyera ndi matabwa owala pa chifukwa, mu December ku Stockholm dzuwa limaoneka maola 6 okha basi, ndiye chilichonse mnyumba chimayenera kusiya kuwala kudutse. Vuto limabwera poika katundu.

Njira yoyamba ndi mashelefu opachika pakhoma ngati otchedwa String aku Sweden, amene anapangidwa 1949 ndi Nisse ndi Kajsa Strinning. Mbali zake ndi tiwaya tangati makwerero ndipo matabwa mumatha kuwasuntha mmene mukufunira, pansi pamakhala pa free, kukolopa sikuvuta komanso chipinda chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Koma aaa chilichonse chili poyera, makapu osafanana, machaja, mapepala, zonse alendo akuziona, fumbinso ndiye osakamba. Komanso muyenera kuboola khoma, ngati muli pa lendi kambani kaye ndi eni nyumba.

Ina ndi kabati ngati Billy ya IKEA (kampani yogulitsa mipando yochokera ku Sweden), ya 1979. Yaikuluyo ndi 80 cm mulifupi, 202 cm kutalika, kulowa mkati 28 cm yokha, ndiye siidya malo kwambiri ndipo mukaikako zitseko, zosokonekera zonse zabisika. Mtengonso ndi wotsikirapo kuposa String. Kungoti imaoneka yolemera, ziwiri mukachipinda kamodzi mumayamba kumva ngati mwapanikizika, ndipo nayonso imafuna kamsomali kumtunda kuti isagwere ana.

Ine ndingatenge kabati yoyera ya zitseko, katundu wanga ndi wambiri ndipo kulongedza tsiku ndi tsiku sindingathe.