Maphunziro a nyimbo ku Mangochi boma: ndalama yanga sinapite pachabe koma Schenker ayi

Ine ndimaimbitsa kwaya ku Mpondasi kuno, solofa ndimaidziwa bwinobwino koma za sitafu, kalembedwe ka nyimbo pa mizere isanu kaja, ndinali mbuli. Ndiye nditamva kuti ku boma kuli bambo ena opuma pa uphunzitsi amaphunzitsa kusanthula nyimbo zachizungu zakale zija, ndinalembetsa miyezi iwiri, Loweruka lililonse masana, kukwera kabaza dzuwa lili pamutu.

Chomwe ndinakonda kwa aphunzitsiwa nchoti sakuuza kuti njira iyi ndiye yabwino, amatenga nyimbo imodzi nkuiyang'ana mwanjira zosiyanasiyana kenako uone wekha. Tinayambira Aleluya ya Handel ya mu Messiah, yomwe inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, poti makwaya ambiri timaidziwa kale. Mu solofa sopulano amayamba do, so, la, so ndipo ine ndaimbitsa zimenezi zaka zambiri osadziwa kuti pansi pake pakuchitika chani. Atalemba pa bolodi manambala achiroma oimira makodi (mawu angapo omveka pamodzi), I kenako IV kubwerera ku I, anandifunsa kuti kodi simukumva Amen wa kumapeto kwa nyimbo za mu tchalitchi? Abale ndinakhala kaye chete, kodi (chord) yomweyo ya Amen Handel akungoibwereza ife tikufuula ngati zachilendo.

Solofa sanainyoze. Anati John Curwen anaikonza ku England potengera ntchito ya Sarah Glover wa ku Norwich, cholinga chinali choti anthu wamba aziimba msanga, ndipo pamenepo imagwiradi ntchito, mayi woti sanaonepo sitafu amagwira alto yake tsiku limodzi. Vuto lake umayenda ndi mzere wako wokha, besi akuchita chani sudziwa, ndiye nyimbo ikasintha kiyi do uja amasamuka anthu nkumwazikana. Ndi manambala achiroma umaona mawu onse anayi pamodzi. Tinayesanso pa Prelude ya mu C ya Bach ya mu 1722, mabala (bars) anayi oyamba ndi I, ii, V, I basi, ine ndimaganiza ndi zinthu zovuta kwambiri.

Njira yotsata kachidutswa ka nyimbo tinaiona pa Symphony nambala 5 ya Beethoven, ya mu 1808, manotsi atatu afupiafupi ndi limodzi lalitali, nkumawasaka paliponse pomwe akubwerera. Iyi ndiyokoma pomvera koma pa kwaya sinandithandize kwenikweni.

Pa njira ya Heinrich Schenker, katswiri wosanthula nyimbo wa ku Vienna, mpamene tinasemphana. Iyeyu amati uzichotsa zokongoletsa zonse mpaka nyimbo yatsala mafupa, mi re do pamwamba, pansi I V I. Masabata awiri tikujambula timizere tokhota pa pepala ine mutu waima, ndinawauza kuti aphunzitsi, chambo ndi kampango mukazidya mpaka kutsala minga zonse zioneka zofanana, nanga kukoma kwapita kuti? Anaseka nkuti pomwe sopulano akukwera D, E, F shapu, G pa mawu a Mfumu ya mafumu, khutu lomva mzere wautali chonchi amalinola ndi Schenker yemweyo. Mwina nzoona, koma kwa oyamba kumene zikanadikira.

Zodandaula zilipo. Kiyibodi ndi imodzi ophunzira tinali asanu ndi mmodzi, magetsi akathima timamvera pa foni kasipika kakang'ono besi osamveka nkomwe, chipinda chake chamalata mwezi wa Okutobala mukudziwa nokha. Manotsi mumakachita fotokope nokha.

Ngati ndinu oimbitsa kwaya pitani, koma muwapemphe ayambe ndi manambala achiroma. Ine Lachitatu lapitali ndinaimitsa atenala pa pulakatisi nkuwauza kuti noti yanuyo ndi yomwe ikutibweza ku I musaitsitse, anandiyang'ana ngati ndabwera ndi chilankhulo china koma ulendo wachiwiri anaigwira.