Masamba aulere, intaneti kusukulu kapena ndalama pa foni: chimene chimachotsa mwana pantchito n'chiti?

Kampani ya mafoni ikamasainirana mgwirizano ndi boma, nthawi zina pamatchulidwa zolinga ziwiri nthawi imodzi: kuchotsa ana pantchito zoposa msinkhu wawo, ndi kufikitsa intaneti kwa anthu amene alibe. Zimamveka ngati nkhani imodzi, koma ndi nkhani ziwiri, ndipo njira imene imathandiza kwambiri mbali imodzi ikhoza kusiya mbali inayo ili chomwecho. Ife ogwiritsa ntchito mafoni nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa ndalama zoyendetsera mapulogalamu amenewa zimachokera mu misonkho yathu ndi m'mabandulo amene timagula.

Tiyambe tamudziwa mwana amene tikunenayu. Lipoti la ILO ndi UNICEF, nthambi za United Nations zoona za ntchito ndi za ana, la chaka cha 2025 linapeza kuti mu 2024 ana pafupifupi 138 miliyoni padziko lonse ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo 54 miliyoni mwa iwo anali pantchito zoika moyo pachiswe. Mwa ana onse ogwira ntchitowa, 61 pa 100 alionse anali mu ulimi. Pafupifupi 87 miliyoni anali mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Lipoti la mu 2021 linali litasonyeza kale kuti ambiri mwa ana amenewa sagwirira bwana wachilendo, amagwira m'munda kapena pabizinesi ya banja lawo lomwe. Ndiye mwana wathuyu ndi wakumudzi, wochokera m'banja losauka, ndipo amene wamutuma kuntchito ndi kholo limene likumukonda koma manja ali ochepa pakhomo. Njira iliyonse tiziiyeza ndi mwana ameneyu.

Njira yofala kwambiri ndi ya masamba aulere: kampani imalola kuti masamba ena a maphunziro azitseguka popanda kudya data. Nthawi ya Covid-19, mu 2020, dziko la South Africa linalamula makampani kuti atsegule masamba a maphunziro ndi a zaumoyo mwanjira imeneyi. Mu 2021 Airtel Africa ndi UNICEF anagwirizana pa pulogalamu ya zaka zisanu, ya madola 57 miliyoni, m'mayiko 13, yophatikiza masamba aulere ndi kulumikiza sukulu. Ubwino wake ndi wosabisika. Sipafunika kumanga kanthu, zimayamba msanga, ndipo mwana wa sekondale amene akukonzekera mayeso amapeza zowerenga ngakhale mayunitsi atatha.

Koma tayerekezani mtsikana wa zaka 12 amene wabwera kuchokera kumunda dzuwa litapendeka. Foni pakhomo ndi imodzi, ya mabatani, ndipo ili m'thumba la bambo. Ikakhala yotsegula intaneti, batire latsala pang'ono ndipo kotchajira n'kutali. Akaipeza, tsamba loyamba limatsegukadi mwaulere, koma akadina vidiyo ya phunziro imene ili pa tsamba lina, foni imamuuza kuti agule bandulo. Apa nkhani yathera pomwepo. Masamba aulere amathandiza mwana amene ali kale pasukulu, m'banja limene lili kale ndi foni yabwino. Sindikuwanyoza ayi, ndi thandizo lenileni, koma kunena kuti akulimbana ndi mchitidwe wogwiritsa ana ntchito n'kuwapatsa ulemu woposa ntchito yawo.

Kulumikiza sukulu ndi nkhani yolemerako. UNICEF ndi ITU, nthambi ya United Nations yoona za mafoni ndi intaneti, anayambitsa pulogalamu ya Giga mu 2019 ndi cholinga choti sukulu iliyonse padziko ikhale ndi intaneti pofika 2030, ndipo anayamba ndi chinthu chimene maboma ambiri analibe: mapu osonyeza pamene sukulu iliyonse ili ndiponso ngati netiweki imafikako. Njira imeneyi imaposa masamba aulere pa chinthu chimodzi chachikulu, sifunsa ngati kwanu kuli foni. Mwana wa mlimi ndi mwana wa mphunzitsi amakhala pa kompyuta imodzi. Nsanja ya netiweki ikaimikidwa chifukwa cha sukulu, mudzi wonse umapindula nayo.

Mayiko awiri a ku South America amationetsa mmene zimatha bwino ndi mmene zimakhumudwitsira. Uruguay inayambitsa Plan Ceibal mu 2007: laputopu kwa mwana aliyense wa sukulu za boma, intaneti m'sukulu kudzera ku kampani ya boma ya Antel, komanso anthu okonza zowonongeka ndi maphunziro a aphunzitsi. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, dzikoli linali ndi poyambira. Peru nayo inagawa malaputopu ambirimbiri m'sukulu za kumidzi, koma kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 sanapeze kuti ana ayamba kukhoza bwino masamu kapena chilankhulo. Sukulu zambiri zinalibe intaneti, ndipo aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira. Makina anafika, koma kaphunzitsidwe kanakhala komwe kaja.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa njira imeneyi ndi bilu ya mwezi ndi mwezi. Tsiku lotsegulira pamakhala nduna, akuluakulu a kampani ndi atolankhani. Zaka za mgwirizano zikatha, mphunzitsi wamkulu amatsala yekha ndi rauta (kachipangizo kogawa intaneti) yozima, batire la sola lotopa, ndi chipinda cha makompyuta chokhoma. Mayiko ambiri ali ndi thumba lapadera limene makampani a mafoni amaponyamo gawo la ndalama zawo kuti netiweki ifike kumadera osapindulitsa, ndipo bilu ya sukulu ikanayenera kuchokera mmenemo. Koma kafukufuku wa Web Foundation ndi anzawo mu 2018 anapeza kuti m'mayiko ambiri a mu Africa ndalama zochuluka za m'matumba amenewa zinkangokhala osagwira ntchito. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, intaneti ya kusukulu imakumana ndi mwana amene wafika kusukuluko. Amene ali kumunda sakuiona.

Ndalama zotumizidwa pa foni zimagwira vutoli kumutu. Ngati chimene chatulutsa mwana m'kalasi ndi umphawi wa pakhomo, thandizo liyenera kufika pakhomopo. Maganizo amenewa ndi akale kuposa ndalama za pa foni: Mexico inayambitsa Progresa mu 1997, Brazil inayambitsa Bolsa Família mu 2003, ndipo onse ankapereka ndalama ku mabanja osauka ana akamapita kusukulu. Ku Mexico akafukufuku anapeza kuti ana olembetsa sukulu anachuluka ndipo ogwira ntchito anachepa. Chimene kampani ya mafoni imabweretsa ndi msewu wodutsamo ndalamazo. Ku Niger, pa njala ya mu 2010, bungwe la Concern Worldwide linatumiza thandizo kwa mabanja ena kudzera pa Zap, njira yotumizira ndalama pa foni ya kampani ya Zain, ena n'kumalandira pamanja. Olandira pa foni anapulumutsa nthawi ya ulendo ndi yodikira pamzere, ndipo mabanja awo ankadya zakudya za magulu ambiri kuposa anzawo aja. Boma la Togo linachita zofanana mu 2020 ndi pulogalamu ya Novissi, anthu n'kumalembetsa ndi foni ya mabatani pongoimba manambala ochepa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu: njira iyi yokha ndi imene imagwira pa foni imene banja losauka lili nayo kale.

Komabe walira mvula walira matope. Kafukufuku wa mapulogalamu a boma opereka ndalama ku Malawi ndi ku Zambia anapeza kuti mabanja ambiri anagula ziweto ndi kukulitsa minda, zomwe ndi zabwino, koma ntchito itachuluka pakhomo ana nawonso anayamba kugwira yambiri, ngakhale kuti kusukulu ankapita kuposa kale. Ndalama zokha sizimuuza kholo kuti mwana wa zaka 10 asanyamule mankhwala opopera mbewu. Payenera kukhala alangizi, aphunzitsi otsata kaundula wa m'kalasi, ndi sukulu yoti mwana akabwerera apezemo phindu. Palinso zovuta zimene aliyense wotapa ndalama pa foni amazidziwa. Agogo amene akulera ana amasiye ayenda ulendo wautali, afika kwa ejenti, n'kuuzidwa kuti ndalama zatha abwere mawa. Nambala yachinsinsi anapatsa mdzukulu kapena ejenti yemweyo chifukwa kuwerenga sadziwa. Potapa, kampani imadulako yake. Ngati boma silinakambirane kuti olandira thandizo asamadulidwe potapa, gawo la ndalama za mwana uja limathera panjira.

Pali ntchito zina ziwiri zazing'ono zimene sizitchuka koma ndimaziona kuti n'zofunika kuposa mtengo wake. Yoyamba ndi kulembetsa ana obadwa kudzera pa foni, monga anayambira ku Mbeya m'dziko la Tanzania mu 2013, pa mgwirizano wa boma, UNICEF ndi kampani ya mafoni ya Tigo. Pangano la ILO la nambala 138 limati mwana asalembedwe ntchito asanakwane zaka 15, kapena 14 m'mayiko ena osauka, koma woyendera malo a ntchito angatsimikize bwanji zaka za mwana wopanda chiphaso cha kubadwa? Yachiwiri ndi nambala yaulere ya 116 imene mayiko ambiri a mu Africa anaipatula kuti ikhale yothandiza ana. Kampani imatsegula mzerewo mosavuta. Chovuta n'choti kumbali inayo kukhale munthu woyankha, ndi wina wokhala ndi mafuta oti akafike kumene mwanayo ali.

Boma likanandifunsa kuti ndalama zochepa zimene lili nazo liziike pati, ndikanati ziyambe ndi mabanja, kudzera pa foni, kutapa kwaulere, ndi ma ejenti okwanira kumidzi kumene ana ogwira ntchito ali ambiri. Kulembetsa ana obadwa kuyende limodzi ndi zimenezi, popeza n'kotsika mtengo. Kenako sukulu za m'madera omwewo zilumikizidwe, ndipo mgwirizano unene momveka amene adzalipire intaneti ndi kukonza zida zaka za mgwirizanowo zikadzatha. Masamba aulere makampani apereke ngati gawo la laisensi yawo, asawerengedwe ngati mphatso yaikulu. Ndipo lipoti la mgwirizano likatuluka, tisamangowerenga chiwerengero cha ma gigabayiti amene aperekedwa kapena sukulu zimene zalumikizidwa. Tizifunsa kuti m'sukulu zimenezo ana angati anabwera m'kalasi m'miyezi yokolola, poyerekeza ndi chaka chimene mgwirizanowo usanayambe.