Photomath: pa ma fraction ili bwino, pa ma proof a geometry musaidalire

Photomath ndi app ya pa foni: mumaloza kamera pa samu, iyo n'kukusonyezani yankho pamodzi ndi masitepe ake. Inatuluka mu 2014 ku Croatia, ndipo pano ili m'manja mwa Google. Kuyiika pa foni ndi kwaulere, koma mafotokozedwe ena ozama ali mu Photomath Plus, yomwe ndi yolipira. Kwa mwana wa Fomu 3 kapena 4 amene akukonzekera MSCE, yaulereyo ndi yokwanira pa algebra.

Mphamvu yake ili pa ma algebraic fraction. Tengani 3/(x − 2) − 2/(x + 1). Pansi pamakhala (x − 2)(x + 1), pamwamba 3(x + 1) − 2(x − 2), zomwe zimapereka x + 7. Ana ambiri apa amapeza x − 1, chifukwa potsegula bulaketi yachiwiri amaiwala kuti −2 kuchulukitsa ndi −2 ndi +4. Popeza app imaika sitepe iliyonse payokha, mwana amatha kuloza mzere weniweni umene wapunthwapo. N'chimodzimodzinso ndi (x² − 9)/(x² + x − 6): imayamba yapeza ma factor, (x − 3)(x + 3) pamwamba ndi (x + 3)(x − 2) pansi, kenako n'kuchotsa x + 3 yekha. Izi zimathetsa chizolowezi chodula x² wapamwamba ndi wapansi, chomwe n'cholakwika poti amenewo si ma factor.

Kamera yake imasokonezeka ndi zolemba pamanja. Mzere wa fraction ukafupika, imatenga theka la zapamwamba. Ka 2 ka pa x² kakatsika, imawerenga ngati nambala wamba. Ndiye musanakhulupirire yankho, onani kaye samu imene yalemba pa sikirini, ndipo ikalakwitsa konzani ndi mabatani ake.

Pa geometry ndiye pali vuto. Funso lakuti sonyezani kuti angle ya pakati pa circle ndi kawiri ya pa circumference limafuna kuti mwana awonjeze yekha mzere wochokera pa circumference kudutsa pakati, aone ma isosceles triangle awiri chifukwa ma radius ndi ofanana, kenako agwiritse ntchito lamulo la exterior angle. Mzere umenewo mu funso mulibe, ndipo app singakuganizireni. Komanso pa proof malikisi amabwera ndi chifukwa cholembedwa pambali pa sitepe iliyonse, osati ndi nambala yomaliza. GeoGebra, app ina ya masamu yomwenso ndi yaulere, imathandizako: mukakoka kadontho pa circle mumaona ma angle akusintha koma wina akukhalabe kawiri ka mnzake. Kuona kokhako si proof, zifukwa muzilembabe nokha.

Kagwiritsidwe kabwino ndi aka: mwana athetse samu yonse m'kope, foni ili patali, kenako ajambule funsolo n'kufananiza mzere ndi mzere. Pa ma proof, apite ndi kope lake kwa aphunzitsi akamuchongere zifukwazo.