Sit-up, crunch kapena plank: iti yolimbitsa pamimba ngati muli ndi mphasa yokha?

Munthu amene alibe ndalama yolipira ku jimu, koma akufuna pamimba polimba, amasankha pakati pa njira zitatu. Pali ma sit-up, aja tinkachita pabwalo la sukulu mnzako atakupanikiza mapazi. Pali ma crunch ndi abale ake, monga kupalasa njinga uli chagada. Ndiye pali gulu la zongoumitsa thupi osagwedezeka, lomwe wotchuka wake ndi plank. Zonsezi zimangofuna mphasa ndi malo okwana kugona munthu mmodzi, choncho za mtengo tisakambe n'komwe. Kusiyana kwake kuli pa zimene iliyonse imachita ku msana wanu.

Minofu ya pamimba si umodzi. Kutsogolo kuli uja wotsika kuchokera ku nthiti mpaka pachinena, womwe umaoneka timabokosi pa anyamata owonda. M'mbali muli ina iwiri yopingasa, yothandiza kutembenuka. Pansi pa yonseyi pali wina wozungulira thupi ngati chitenje chimene mayi amamanga pamimba atangobereka. Ntchito yaikulu ya minofu imeneyi pa moyo wa tsiku ndi tsiku si kupinda thupi ayi, koma kuletsa msana kupindika pomwe suyenera. Mukamatwika ndowa ya malita 20, mukamakweza thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa njinga, mukamatsitsa khasu pa mzere wouma, pamimba pamangika kuti msana ukhale chilili. Ndi muyeso umenewu womwe ndikuyezera njira zitatuzi.

Sit-up ndi yakale kwambiri, ndipo ndi yomwe ndimaiika kumapeto. Ukagona chagada n'kudzuka mpaka chifuwa kufika pa mawondo, minofu ya pamimba imagwira ntchito kuchiyambi kokha, pomwe mapewa akunyamuka. Kotsalako amamalizitsa ndi minofu yokoka ntchafu, makamaka umodzi wotchedwa psoas, womwe unamera pa mafupa a msana wam'munsi n'kutsikira ku ntchafu. Mnofuwu ukakoka, umapanikiza mafupawo. Mnzako akakugwira mapazi ndiye wauthandiza kukoka kwambiri. Stuart McGill, yemwe anali pulofesa pa University of Waterloo ku Canada ndipo wathera zaka zambiri akufufuza za msana, anapeza kuti sit-up imapanikiza msana wam'munsi ndi mphamvu yoposa ma newton 3,300, zomwe zikufanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 340. Bungwe la NIOSH, loona za chitetezo cha anthu pa ntchito ku America, linaika malire ake pa ma newton pafupifupi 3,400 kwa onyamula katundu. Ndiye kuti munthu wochita ma sit-up 100 m'mawa uliwonse akumagunda pafupi ndi malirewo maulendo 100, chakudya cham'mawa asanalawe.

Asilikali a ku America, omwe kwa zaka zambiri ankayesa mphamvu za anthu awo ndi kudzuka kotereku, anasintha maganizo. A pamadzi a Navy anaika plank m'malo mwake mu 2021. A pamtunda a Army anatsanzikana ndi sit-up pobweretsa mayeso atsopano, ndipo mu 2022 plank inakhazikika m'mayesowo. A nthambi ina ya asilikaliwa, Marine Corps, anasiyiratu crunch kuyambira mu 2023.

Tisaiweruze mopitirira muyeso komabe. Kafukufuku wina wosonyeza kuti kupindapinda msana kumaononga timinofu tofewa ta pakati pa mafupa anachitidwa pa misana ya nkhumba zakufa, ndipo akatswiri ena amatsutsa kuti msana wa munthu wamoyo umadzikonza akapumula. Mnyamata wa zaka 20 wosewera mpira sathyoka chifukwa cha ma sit-up 20. Funso langa n'lakuti, ngati pali njira ina yolimbitsa pamimba pomwepo popanda kuvutitsa msana, n'kulimbikiriranji? Komanso aliyense amene anayeserapo pa simenti wopanda choyala akudziwa momwe kafupa ka kumatako kamanyukira.

Crunch ndi sit-up yodulidwa. Umagona chagada, mawondo opinda, n'kunyamula mutu ndi mapewa okha, msana wam'munsi uli phee pamphasa. Kupanikiza kwake pa msana n'kwa ma newton pafupifupi 2,000, ndipo ntchito yambiri imagwera pa mnofu wa kutsogolo uja. Ngati cholinga chanu ndi timabokosi tooneka, iyi ili ndi malo ake, chifukwa mnofu umakula bwino ukamafupika n'kutambasuka molimbana ndi kulemera. Vuto lake lili m'manja. Anthu amalukanitsa zala kumbuyo kwa mutu n'kumakoka, chibwano kugunda pachifuwa, mawa lake khosi ndi lomwe likuwawa, pamimba pali zii. Ikani nsonga za zala pafupi ndi makutu, kapena pingasani manja pachifuwa, ndipo siyani mpata wokwana chibakera pakati pa chibwano ndi chifuwa.

M'banja la crunch, yopalasa njinga ndiyo imandisangalatsa. Mu 2001, ofufuza a pa San Diego State University anayeza masewera 13 a pamimba ndi makina oona momwe mnofu ukugwirira ntchito, ndipo iyi inatuluka yoyamba pa mnofu wa kutsogolo, n'kuposa ngakhale zida zina zomwe zinkatsatsidwa pa TV nthawi imeneyo. Umagona chagada, n'kumasinthasintha: phewa lamanja kulunjika bondo lamanzere mwendo winawo ukutambasuka, kenako mbali inayo. Koma ambiri amaichita ngati akuthamangitsidwa ndi galu, zigongono zili pirikitipirikiti, miyendo ikungoponyedwa. Liwiro limenelo limabera pamimba ntchito. Mbali iliyonse itenge masekondi awiri, mudzaona kuti maulendo 10 akwana kukutulutsani thukuta. Kwa amene msana umavuta kale, kupinda kophatikiza ndi kupotokola kumeneku si kwabwino.

Kunyamula miyendo yowongoka uli chagada ndingokuchulako mwachidule. Kumamveka ngati kukugwira pansi pa mchombo, koma ndi psoas yemwe uja, ndipo pamimba pakafooka msana umatukuka kuchoka pamphasa. Lowetsani dzanja pansi pa msana: mukamva mpata ukukula potsitsa miyendo, simunafikepo. Pindani mawondo m'mwamba n'kumatsitsa mwendo umodziumodzi, msana mutaukanikiza pansi.

Tsopano plank. Umagona chafufumimba, n'kudzuka potsamira zigongono ndi zala zakumapazi, zigongonozo zili pansi penipeni pa mapewa, thupi lili mzere umodzi kuyambira kumutu mpaka ku zidendene. Palibe chogwedezeka. Iyi ndi yomwe ikufanana ndi ntchito yeniyeni ya pamimba ija, yoletsa msana kugonja. Woiona koyamba amaiderera. Pakatha masekondi 20 mikono ili njenjenje.

Nayonso ili ndi zofooka zake, ndipo chachikulu ndi mpikisano wa nthawi. Josef Šálek wa ku Czech Republic anakhala pa plank maola 9, mphindi 38 ndi masekondi 47 mu 2023. George Hood wa ku America anakwanitsa maola oposa 8 mu 2020 ali ndi zaka 62. Zimenezo n'za mabuku a mbiri, osati za thanzi. Ngakhale a Marine Corps amangofuna mphindi imodzi ndi masekondi 10 kuti munthu akhoze, ndipo wofika mphindi zitatu ndi masekondi 45 watenga malikisi onse. Munthu wamba akamaumirira mphindi zinayi, chimachitika n'chakuti chiuno chimalendewera, msana n'kulowa m'kati, kulemera konse kwasamukira pa mafupa, kapena matako akwera m'mwamba kuti apumule mobisa. Wotchi ikuwerengabe, koma pamimba panaweruka kalekale. McGill amalangiza zosiyana kwambiri: kugwira masekondi pafupifupi 10 mwamphamvu, kupumula pang'ono, n'kubwereza. Ine ndili kumbali imeneyo. Plank ikayamba kuphweka musatalikitse nthawi, iwumitseni. Finyani matako zolimba, kokerani zigongono kumapazi ngati mukufuna kukwinya mphasa koma osasuntha, kapena sunthani zigongono patsogolo pang'ono kupitirira mapewa. Masekondi 15 otere amaposa mphindi ziwiri zolendewera.

Chinanso n'kupuma. Anthu amabanika mpweya, nkhope n'kufufuma, mitsempha ya m'khosi kutuluka. Kuteroko kumakweza kuthamanga kwa magazi panthawiyo, zomwe si zabwino kwa odwala BP. Chodabwitsa n'chakuti masewera ongogwira osasuntha, akamachitidwa bwino kwa masabata angapo, amatsitsa BP. Kauniuni wa mu 2023 mu British Journal of Sports Medicine, yemwe anaphatikiza kafukufuku 270, anapeza kuti gulu limeneli linatsitsa BP kuposa kuthamanga ndi kunyamula zitsulo, ngakhale umboni wambiri unachokera ku kunyonyomala utatsamira khoma ndi kufinya chinthu m'manja. Muzipuma ngati mwa masiku onse. Mukalephera kuwerenga mokweza muli pa plank, mwabanika.

Plank yakutsogolo payokha imasiya m'mbali ndi kumbuyo, n'chifukwa chake ndimaiyendetsa ndi anzake awiri. Woyamba ndi plank ya cham'mbali: kutsamira chigongono chimodzi, chiuno m'mwamba, oyamba kumene atapinda mawondo. Iyi ndi ya aliyense amene amanyamula chigubu dzanja limodzi kapena kubereka mwana m'chiuno. Wachiwiri ndi bird dog: kugwada ngati mwana wokwawa, n'kutambasula dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere nthawi imodzi, osalola chiuno kupendekeka. Ikani kapu yapulasitiki yopanda madzi pamsana wam'munsi, ikagwa, mwapendekeka. Ziwirizi, pamodzi ndi crunch yaing'ono yochitidwa bondo limodzi lopinda ndi manja ali pansi pa msana, ndi zitatu zomwe McGill amadziwika nazo, ndipo madokotala ambiri a mafupa ndi minofu amazipereka kwa odwala msana.

Pa nkhani ya kuphwetsa chimimba, zitatu zonsezi zimagwa limodzi. Mu 1984, ofufuza a pa University of Massachusetts anachititsa amuna 13 ma sit-up 5,004 aliyense m'masiku 27, ndipo mafuta a pamimba sanachepe kuposa a pamsana kapena kumatako. Mu 2011, kafukufuku wina ku Illinois anatenga anthu 24. Ena anachita masewera a pamimba masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi. Minofu inalimba ndithu, koma mafuta anakhala pomwe anali. Thupi limatapa mafuta paliponse pomwe lafuna, osati pomwe pakuwawa. Choncho amene akukuuzani kuti masiku 30 a plank achotsa mimba ya mowa akukunamizani, chimodzimodzi ogulitsa malamba otulutsa thukuta. Chimimba chimamvera mitanda ya nsima, masupuni a shuga mu tiyi, mandasi a pa 10 koloko, zakumwa zotsekemera, mowa wa Loweruka, ndi kuyenda. A WHO amati munthu wamkulu aziyenda ndawala kapena kuchita zofanana nazo mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu.

Kuti mudziwe pomwe muli simukufunika sikelo. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera pansi mpaka pamutu, muchipinde pakati, n'kuchizunguliza pamimba, pakatikati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, osakoka mimba m'kati. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikakana kukumana, mimba yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo bungwe la NICE la ku Britain linalangiza mu 2022 kuti pamenepo munthu ayambe kusamala za shuga ndi mtima.

Amayi omwe angobereka kumene, nkhani yanu ndi ina. Pa nthawi ya pakati minofu ya kutsogolo imatalikirana, n'kusiya mpata pamzere wa mchombo. Mukagona chagada n'kudzutsa mutu, pakati pa mimba n'kutukuka kamtunda, sit-up, crunch ndi plank yathunthu ziyambe zadikira. Yambani ndi kupuma mozama n'kumakokera mchombo m'kati pang'onopang'ono potulutsa mpweya, ndipo ngati munabereka kudzera pa opaleshoni, funsani kaye kuchipatala. N'chimodzimodzi aliyense amene ali ndi chotupa chomatuluka pamchombo kapena m'mphechepeche akatsokomola, ndi amene ululu wa msana umatsikira m'mwendo.

Kwa wina aliyense wathanzi, ndondomeko yomwe ndingapereke ndi ya masiku atatu pa sabata, mphindi zosaposa 15. Plank yakutsogolo yolimba, masekondi 10 mpaka 15, kasanu. Ya cham'mbali katatu mbali iliyonse. Bird dog kasanu mbali iliyonse, mukugwira masekondi 10. Ofuna timabokosi, omwe msana wawo suwavuta, awonjezere kupalasa njinga kwa pang'onopang'ono kuja, maulendo 10 mbali iliyonse, kawiri. Yalani bulangeti lopinda pansi pa zigongono ngati pansi ndi pa simenti, chifukwa mphasa yokha imadinda mizere pakhungu ndipo mudzasiya msanga chifukwa cha zigongono, pamimba pasanatope.