Halsbury's Laws of England: pomwe ndimayambira, ndi tsiku lomwe ndinaiwala kuona kumbuyo

Akandipatsa funso la malamulo pa nkhani yomwe sindinaigwirepo, sindithamangiranso kusaka milandu. Ndinachitapo zimenezo ndili watsopano pantchito, ndipo masiku awiri anatha ndikuwerenga zigamulo pafupifupi 30 zomwe theka lake silinkayandikira n'komwe funso langa. Ndinkasaka ndi mawu anga, pomwe oweruza nkhaniyo amaitchula ndi mawu awoawo. Amene anandichotsa m'thengomo ndi Halsbury's Laws of England. Tsopano patha zaka 6 ndikuligwiritsa ntchito, la pepala la m'laibulale komanso la pa intaneti lomwe kampani ya LexisNexis imagulitsa.

Kwa amene simunaligwirepo, si buku limodzi ayi. Ndi mndandanda wa mabuku oposa 100 wofotokoza malamulo a England ndi Wales, mutu ndi mutu, motsatira alifabeti. Mabuku oyamba anatuluka pakati pa 1907 ndi 1917, analipo 31, ndipo anatenga dzina la Earl of Halsbury, yemwe anakhalapo Lord Chancellor (mkulu wa zamalamulo m'boma la Britain) katatu. Mkuluyu anayamba ntchitoyi ali ndi zaka zoposa 80, zomwe zimandichititsa manyazi ndikamadandaula za kutopa 4 koloko madzulo. Omwe tikugwiritsa ntchito lero ndi kope lachisanu, lomwe linayamba kutuluka mu 2008.

Mukatsegula tsamba, choyamba kuona ndi chakuti mawu a pamwamba ndi ochepa kuposa timawu ta m'munsi. Ndime iliyonse ili ndi nambala yake komanso kamutu kake. Imanena lamulo m'ziganizo zitatu kapena zinayi, zouma gwa, ndipo pafupifupi chiganizo chilichonse chili ndi kanambala kakang'ono kokutsitsirani pansi. Pansipo ndi pomwe pali chuma: mayina a milandu, chaka, khoti lomwe linagamula, gawo la lamulo la nyumba ya malamulo. Pali masamba ena oti mizere isanu yokha ndi ya pamwamba, kwina konseko timawu ting'onoting'ono topweteka maso. Poyamba ndinkawerenga za pamwamba zokha n'kutseka. Lero ndimachita mosemphana. Za pamwamba ndimaziwerenga kamodzi kuti ndigwire mawu oyenera ndi kuona kuti funso langa likukhala pati, kenako ndimakhazikika pansi ndi pensulo, n'kulemba milandu itatu kapena inayi yomwe ikubwerezedwabwerezedwa. Imeneyo ndi yomwe ndimakaitsegula yathunthu pa BAILII, tsamba la pa intaneti losunga zigamulo za makhoti, ndipo malamulo olembedwa ndimakawaona pa legislation.gov.uk. Ntchito yomwe inkanditengera masiku awiri imatha usanakwane msana.

Koma ndinapsa nalo tsiku lina, ndipo wolakwa ndinali ine.

Bwana wanga anandituma kuti ndilembe kalata ya uphungu pa mgwirizano wina wotsatira malamulo a England. Munali chiganizo choti mbali imodzi ikaphwanya pangano, idzalipira ndalama zakutizakuti, zochuluka ndithu. Funso linali loti kodi khoti lingalole ndalamazo, kapena lingati ndi chilango chabe n'kuzikana. Ndinatsitsa buku pa shelefu, ndinapeza ndime yake msanga, ndipo zonse zinali zomveka bwino. Mlandu wake unali wa Dunlop Pneumatic Tyre v New Garage wa mu 1915, wa matayala aja omwe wogulitsa anavomera kulipira £5 pa tayala lililonse lomwe angaligulitse motsika kuposa mtengo wogwirizana. Woweruza Lord Dunedin anapereka njira yoyezera: kodi ndalamayo ndi kuyerekeza koona kwa zomwe munthu angataye, kopangidwa pa nthawi yosainirana, kapena ndi chiopsezo chongofuna kumuwopa mnzako? Ndinalemba masamba atatu, ndinanena motsimikiza kuti chiganizocho chigwa, ndipo ndinakapereka ndikudzimva kuti ndine munthu.

Anawerenga tsamba loyamba lokha. Kenako anavula magalasi.

"Iwe, buku limeneli ndi la chaka chanji?"

"Sindinaone, bwana."

"Nanga mu supplement waonamo?"

Ndinangoti kakasi. Buku lomwe ndinatsitsalo linasindikizidwa chisanafike chaka cha 2015, ndipo mu Novembala chaka chimenecho Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri la ku United Kingdom, inagamula milandu iwiri pamodzi, wa Cavendish Square v Makdessi ndi wa ParkingEye v Beavis. Wachiwiriwu unali wa munthu yemwe anaimika galimoto mopitirira maola awiri aulere pa malo ogulitsira ku Chelmsford, n'kuuzidwa kuti alipire £85. Kampani ya ParkingEye, yoyang'anira malo oimika magalimotowo, sikanatha kuonetsa kuti inataya £85 chifukwa cha galimoto imodziyo, komabe khoti linati ndalamayo si chilango, poti panali chifukwa chomveka chofunira kuti magalimoto azisinthana pa malopo. Funso linasintha. Tsopano chofunika n'chakuti kodi mbali yolakwiridwayo ili ndi chifukwa chovomerezeka chotetezera panganolo, ndipo kodi ndalamayo yakula mopyola muyezo poyerekeza ndi chifukwacho. Dunlop sanafe, koma anasiya kukhala yankho la zonse. Masamba anga atatu aja ankayankha funso lomwe makhoti anali atalisuntha kale.

Chowawa n'chakuti bukulo linali litandichenjeza. Koyambirira kwa buku lililonse amalemba tsiku lomwe lamulo lafotokozedwa kufikira. Ndipo kumapeto kwa shelefu yomweyo kunali Cumulative Supplement, yomwe imatuluka chaka ndi chaka, ndi Noter-up ya mwezi ndi mwezi mu fayilo yake, zonse zosonyeza zomwe zasintha m'malamulo chisindikizireni bukulo. Mumatenga nambala ya buku ndi ya ndime, mumaiyang'ana mu supplement, kenako mu noter-up. Mphindi zisanu basi. Ine ndinadumpha mphindi zisanuzo. Safunsa anadya phula, ndipo langalo ndinalidyera pamaso pa bwana.

La pa intaneti limachepetsa ngozi imeneyi chifukwa zosintha zimaoneka pa ndime yomweyo, komanso milandu ya m'munsi mumangodina n'kutseguka. Ndimalikonda ndikakhala pa changu. Komabe ndikakhala pa nkhani yachilendo ndimabwerera ku la pepala, poti diso limagwa pa ndime yoyandikana nayo yomwe sindikanaisaka, ndipo kangapo konse yankho ndalipeza pamenepo. Ndi anthu ochepa omwe angagule mabukuwa paokha, choncho ambirife timadalira laibulale kapena ofesi yomwe inalembetsa.

Pali zomwe Halsbury's sangakupatseni, ndipo musamukakamize. Samatsutsa, samakonda mbali, sakuuzani kuti chigamulo chakuti chinapotoka kapena kuti oweruza akuoneka kuti atembenuka posachedwa. Amangonena kuti lamulo lili apa lero. Ngati mlandu wanu ukufuna kuti mukope khoti lisunthe pang'ono, pitani ku mabuku a akatswiri a mutu umodzi ndi ku magazini a zamalamulo monga Law Quarterly Review, yomwe inayamba mu 1885, kapena Modern Law Review ya mu 1937. Kumeneko ndi komwe anthu amakangana, ndipo mfundo zabwino zokaima nazo pamaso pa woweruza ndimazitola m'mikanganoyo. Kale ku England kunali chizolowezi choti wolemba buku asatchulidwe m'khoti ngati umboni wa lamulo akadali moyo, mwina poopa kuti mawa asintha maganizo. Chizolowezicho chinazilala, ndipo lero oweruza amatchula olemba amoyo momasuka. Ngakhale zili choncho, buku silimanga khoti. Chomanga ndi lamulo lolembedwa ndi chigamulo cha khoti lalikulu. Mukalemba kuti "Halsbury's akuti" n'kulekera pomwepo, loya wa mbali inayo amangotsika pa timawu ta m'munsi, n'kuwerenga mlanduwo wonse, n'kupeza kuti mfundo zake zikusiyana ndi zanu.

China chomwe ndimakumbutsa ophunzira omwe amabwera kudzaphunzira ntchito: dzina la bukuli likunena England. Scotland nayo ili ndi malamulo akeake. M'maiko omwe anatengera malamulo a ku England bukuli limalemekezedwa ndipo limatchulidwa m'makhoti, koma nyumba ya malamulo ya dzikolo ikhoza kukhala itasintha nkhaniyo kalekale, kapena makhoti ake anatsata njira ina. Maiko monga Australia, Canada ndi Singapore ali ndi Halsbury's wawowawo pa chifukwa chomwechi.

Kalata ija ndinailembanso usiku womwewo, ndipo yankho linatembenuka: chiganizocho chinali ndi mwayi waukulu woima m'khoti. Bwana anaisainira mawa lake osanena kanthu, kupatula kulemba ndi pensulo pakona ya tsamba loyamba tsiku lomwe ndinaonera noter-up. Mpaka pano ndimalemba tsikulo ndekha pa kalata iliyonse ndisanaipereke.