Kuphunzira kukongoletsa m'nyumba: pa intaneti kapena m'kalasi?

Munthu wamkulu amene ali kale pantchito akafuna kuphunzira luso lokonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba, nthawi zambiri amasankha pakati pa njira ziwiri.

Ina ndi ya pa intaneti, monga maphunziro a National Design Academy, sukulu ya ku Nottingham ku England. Mumaphunzira nthawi imene mwapeza mpata, kaya usiku ana atagona, osasiya ntchito. Mumajambula mapulani pa kompyuta, mwina ndi pulogalamu ya SketchUp kapena AutoCAD, n'kutumiza kwa aphunzitsi kuti akaone. Koma pamafunika kompyuta yamphamvu, intaneti yodalirika, ndiponso mtima wodzikakamiza, chifukwa mukachita ulesi palibe wokufunsani.

Ina ndi yokakhala m'kalasi, ngati makosi aafupi a ku Chelsea College of Arts ku London. Kumeneko nsalu mumaigwira ndi manja anu, ndipo mumadzionera nokha mmene penti imasinthira maonekedwe kuwala kukasintha, chinthu chimene chithunzi cha pa kompyuta chimanamiza kwambiri. Mukalakwitsa muyezo, aphunzitsi amakukonzani pomwepo. Chopweteka ndi fizi ndi ndalama yoyendera.

Kwa woyamba kumene, ine ndingasankhe m'kalasi. Kalipentala kapena telala amene zipangizo amazidziwa kale, ya pa intaneti ingamukwanire.