Madala okonza katundu wakale ku Newlands: anandiuza zoona, koma anandichedwetsa

Ndakhala kuno ku Joni zaka 12, ndipo galaja ya kumene ndimachita lendi ku Rosettenville yadzaza mipando ndi matebulo akale. Bambo anga anali kalipentala ku Dedza. Fungo la mlombwa wongopala kumene ndinakula nalo, moti ndikaona katundu wa matabwa enieni akugulitsidwa motchipa, mtima sundilola kungodutsa. Anzanga angapo andifunsa za madala a kwathu, ochokera ku Mangochi, amene ali ndi kashedi kokonzera katundu wakale ku Newlands, chakufupi ndi Long Road kumene kuli mashopu ambiri a zinthu zamakedzana. Ndawapatsako ntchito, ndiye ndifotokoze mmene zinayendera.

Ndinawapititsira zinthu ziwiri. Choyamba chinali kabati ya madirowa asanu, yakuda bii, miyendo yake yothera ngati phazi la chilombo litagwira mpira. Ndinaipeza pa Facebook, kunyumba ina ku Kensington, ndipo ndinalipira R4,500. Wogulitsayo ananenetsa kuti ndi ya stinkwood, mtengo wina wa kuno umene katundu wake wakale amafunidwa, kuti inabwera pangolo ya ng'ombe nthawi imene mzinda uno unkayamba golide atapezeka mu 1886. Chachiwiri chinali mpando wogwedera, zingwe zake zachikopa zitaduka, umene anangondiponyera m'bakkie (galimoto ya pikapu) ngati banyira chifukwa unkawadyera malo.

Nditatsitsa katunduyo, madalawo sanayang'ane n'komwe kutsogolo kwa kabati kumene ine ndinkanyadira. Anasolola dirowa imodzi, n'kuitembenuza chadodolido pabenchi. Anandiitana: "Achimwene, tabwerani muone mano awa." Amanena mano aja amene amalumanitsa thabwa la kutsogolo ndi la m'mbali. Onse anali ofanana ndendende, mipata yake yofanana, ngati mano a chipeso. Anati munthu akadula ndi sowo ndi tchizulo, mano amakhala ochepa, ena otakata ena owonda, ndipo nthawi zambiri kamzere kamene mmisiri analemba poyeza kamatsalira pathabwa. Amenewa anadulidwa ndi makina. Kenako tinazungulira kumbuyo. Thabwa lotseka kumbuyoko linali pulayiwudi, lomangidwa ndi masikuluwu a mutu wa mtanda, aja a Phillips, amene anayamba kufala m'zaka za m'ma 1930. Anamasulako imodzi kuti aone ngati wina anachita kuwonjezera pambuyo pake. Panalibe bowo lina lakale, panalibe chipsera cha msomali. Kabatiyo inabadwa nawo masikuluwuwo.

Za mtengo wake anandiuza modekha kuti si stinkwood, ndi imbuia, mtengo wochokera ku Brazil umene unkalowa muno wambiri pakati pa zaka za m'ma 1900, nthawi imene nyumba zambiri za kuno zinkakonda katundu wa miyendo ya phazi ndi mpira. Mitengo iwiriyi ndi pachibale ndipo maonekedwe ake amayandikana, n'chifukwa chake anthu amasokoneza, ena mosadziwa, ena mwadala. Kuwerengera kwawo, kabati yanga ndi ya cha m'ma 1950. Ndi yolimba, ndi yokongola, koma sinakwane zaka 100 zimene ogulitsa zakale amawerengera kuti chinthu chitchedwe antique.

Zinandipweteka, sindibisa. Ndalama imeneyo ndinaisunga miyezi itatu. Koma apa m'pamene ndinayamba kuwakhulupirira madalawa. Akanatha kungondivomereza, n'kunditchaja mtengo wokonzera chinthu cha m'ma 1800, ine n'kupita kwathu ndikusekerera. Sanatero.

Mpando wa banyira uja ndi umene unawakhazika pansi. Anautenga n'kupita nawo pakhomo pamene pali dzuwa, nayamba kuusisita ndi chala. Mulibe sikuluwu ngakhale imodzi, mulibe msomali. Pamene mwendo ukumana ndi thabwa lopingasa, anabowola n'kulowetsa, kenako n'kukhomera kachikhomo ka mtengo. Tizikhomoto tinatulukira pang'ono kunja, moti chala chimakodwa ukamadutsitsa. Anandifotokozera kuti thabwa likamauma kwa zaka zambiri limafota m'mimba mwake, osati m'litali, ndiye kachikhomo kamatsala katasuzumira. Kunsi kwa mpando kunali mikwingwirima ya puleni yamanja, yosasalala ngati ya makina. Ndipo thabwa lopingasa la kutsogolo, pamene anthu amatsamiritsa mapazi, linadyeka pakati mpaka kuchita kachigwa, pomwe la kumbuyo lili bwinobwino. Kudyeka kotere munthu sangakupange ndi sandipepa tsiku limodzi osaonekera.

Uwu ndiye unali stinkwood weniweni, mtengo wa m'nkhalango za ku Knysna, umene unapatsidwa dzinali chifukwa umanunkha ukangodulidwa kumene. Lero ndi wotetezedwa ndi lamulo, suduliwa mwachisawawa, n'chifukwa chake katundu wake wakale amafunidwa. Mipando yolukidwa ndi zingwe zachikopayi kuno amaitcha riempie. Ndinawakakamiza kuti anditchulire chaka. Anakana. "Achimwene, mpando ulibe chiphaso. Zaka 100 unapitirira, pamenepo ndikhoza kulumbira. Wokutchulirani chaka chenicheni akufuna ndalama zanu." Yankho limeneli ndinalikonda kuposa nambala iliyonse imene akanandipatsa.

Ntchito ya pampandopo ndi yoyamikika kwambiri. Ine ndinkafuna aupale wonse ndi kuupaka vanishi wonyezimira, monga mmene timachitira kwathu ndi mlombwa watsopano. Anandiletsa, nati kuda kwa pamwambako ndi kumene ogula amalipira, ukakupala wataya zaka zonse zija. Anangoutsuka, kumata molumikizira mmene munagwedera, kupaka phula, ndi kuluka zingwe zatsopano za chikopa cha ng'ombe. Zingwezo anaziluka zili zofewa kuti zikamauma zikokane, ndipo lero ukakhalapo sizilendewera. Pakabati anayamba ayesa kaye ndi kathonje konyowetsa sipiriti pamalo obisika. Akuti shellac, polishi wa akale, amafewa ndi sipiriti, pamene vanishi wamakono sasuntha. Ankafuna adziwe chimene chilipo asanaikepo china. Timabowo ta kufumbwa tinali pamwendo umodzi anatigogoda pa nyuzipepala kuti aone ngati mukutuluka ufa woyera watsopano. Simunatuluke kanthu, kusonyeza kuti tizilombo tinachoka kale.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo.

Anandilonjeza masabata atatu, katundu ndinamutenga patatha masabata asanu ndi awiri. Kuchedwa kokha ndikanapirira, ntchito yamanja sithamangitsidwa, ndipo chikopa anachita kudikira. Chimene chinandiwawa ndi kusayankha. Uthenga wa pa WhatsApp umakhala masiku anayi osawerengedwa. Kawiri konse ndinakwera mataxi awiri kuchokera ku Rosettenville Loweruka, tsiku lokhalo limene ndimapuma, n'kukapeza kashedi kotseka. Munthu wasiya katundu ndi theka la ndalama, lisiti sanakupatse, foni sakuyankha: usiku tulo sitibwera bwino. Nkhani ya lisitiyi ndinawauza pamaso, ndipo anavomera kuti ndi vuto. Inu mukapita, lembani nokha papepala zimene mwasiya ndi zimene mwalipira, asayine.

Chinanso ndi chogwirira cha dirowa yam'munsi. Chinali chothyoka, iwo n'kuikapo chatsopano osandifunsa. Kukula kwake n'kofanana ndi zinzake, koma chikuwala mbee pakati pa zinzake zakuda, moti diso limathamangira pomwepo ukangolowa m'chipinda. Munthu yemweyo amene anandiphunzitsa kuti chakale sachipala! Chothyokacho anandisungira m'kapepala, zimenezo anachita bwino, ndipo alonjeza kufunafuna chakale chofanana nacho m'mashopu a pa Long Road. Mpaka lero ndikudikira.

Zonse pamodzi ndinalipira R2,200, kuyang'ana zaka za katundu sanatchaje padera. Kwa ife amalipiro a pamwezi si ndalama yochepa, koma nditafunsa malo ena awiri ku Parkhurst, kuluka mpando kokha kunali pafupi ndi pamenepo. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Imodzi yapita chifukwa cha foni ndi chogwirira chija.

Tsiku lotenga katundu ndinaona thabwa lofiirira litatsamira khoma, ndipo ndisanafunse mphuno inandiuza kale. Kuno amautcha kiaat, koma ndi mlombwa wathu womwe uja. Madala anapalako kamodzi ndi puleni n'kundipatsa chipalo m'manja, ndipo tinaima pamenepo nthawi ndithu tikukamba za amisiri a kumudzi ndi macheka a m'dzenje, wina pamwamba wina pansi. Anandichenjezanso kuti mphepo ya kuno m'miyezi ya June ndi July ndi youma kwambiri, ndiye mpandowo ndisauyandikize hita kapena kuusiya pawindo la dzuwa, ungang'ambike.

Mwezi wamawa ndikuwapititsira tebulo la matabwa a mtengo wa Oregon pine limene ndinalitola ku Turffontein. Ulendo uno pepala ndi cholembera ndinyamula ndekha, ndipo ndawauziratu kuti asasinthe kalikonse ndisanaone.